Mmene Mungaletsere Kudontha kwa Oyilo pa Injini ya Kombi Yozizira ndi Mphepo

Eni ake a Kombi zakale ali ndi nthabwala yakuti galimotoyi ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watha. Nthabwalayi yaphetsa mainjini ambiri. Injini ya Volkswagen yozizira ndi mphepo, ikamangidwa bwino, imatha kugona pa simenti usiku wonse osasiyapo kadontho. Ikamachuchabe pamalo omwewo mutasintha sili (labala wotseka mpata kuti oyilo asatuluke) kawiri katatu, musathamangirenso kukagula ina. Pali chimene chikupha masiliwo, ndipo kawirikawiri ndi chimodzi mwa zitatu izi: injini ikutentha mopyola, mpweya ukuchuluka m'kati mwa buloko (thupi la injini), kapena chitsulo chimene sili ikugwira chadyeka kapena chikugwedera. Mukapanda kuchipeza, sili yatsopano imangokugulirani miyezi iwiri.

Kombi yogonamo ndiye imavutika kwambiri. Za Westfalia za ku Germany, za Devon ndi Dormobile za ku Britain, kapena Autovilla ya Jurgens ya ku South Africa, zonsezi zimasenza bedi, makabati, madzi ndi botolo la gasi, koma chikukoka katundu yenseyo ndi kainjini ka 1600 ka mphamvu za mahatchi pafupifupi 50. Pachitunda kamagwira ntchito mpaka pomaliza mphamvu zake, ndipo labala wa masili ndiye amayamba kulipira.

Dziwani kaye injini imene muli nayo

Tsegulani chitseko chakumbuyo. Mukaona chibokosi cha fani choimirira, jenereta ili pamwamba ndi lamba wotsikira ku pule, imeneyo ndi injini ya Type 1, yofanana ndi ya Beetle. Buloko yake ndi ya magnesium, imalowa malita 2.5 a oyilo, ndipo ilibe fyuluta, ili ndi kasefa ka waya pansi basi. Mukaona injini yophwaphwatika, fani ili kumapeto kwa crankshaft (shafiti yaikulu imene mapisitoni amazunguza), ndi Type 4 ya 1700, 1800 kapena 2000, imene inayamba kuikidwa mu Kombi cha mu 1972. Imeneyo ndi ya aluminiyamu, ili ndi fyuluta, ndipo imalowa malita 3.5 mukasintha ndi fyuluta yomwe. Zimene zili pano ndi za Type 1 makamaka, chifukwa ndi imene yachuluka; pamene Type 4 ikusiyana nditchula.

Musadalire chaka cha galimoto pogula zipangizo. Kombi inapangidwa ku Germany kuyambira 1950, inamangidwanso ku Uitenhage ku South Africa, ndipo ku Brazil anaipanga mpaka 2013, yozizira ndi mphepo mpaka 2005. Pa zaka zonsezi mainjini asinthanitsidwa kosawerengeka. Nambala yodindidwa pa buloko, pansi pa mwendo wa jenereta, ndiyo imanena zoona.

Chinanso: injini ili kumbuyo, ndiye ndikati "kutsogolo" ndikunena mbali ya flywheel (gudumu lolemera lachitsulo pamene pamagwira kilachi) ndi giyabokosi, ndikati "kumbuyo" ndi mbali ya pule imene mumaiona mukatsegula chitseko. Silinda 1 ili kumanja kutsogolo, 2 kumanja kumbuyo, 3 kumanzere kutsogolo, 4 kumanzere kumbuyo.

Tsukani musanamasule nati ngakhale imodzi

Pamene oyilo wadonthera si pamene watulukira. Fani imaulutsa oyilo pa injini yonse, mphepo ya pamsewu imamukankhira kumbuyo, kenako amatsika n'kudontha pamalo otsikitsitsa, amene nthawi zambiri ndi mbale ya sefa. Anthu amasintha magasiketi a mbaleyo mwezi ndi mwezi pamene oyilo akuchokera pamwamba penipeni.

Injini ikazizira, chotsani waya wa negetivu pa batire, kutani distributor, kabyuleta ndi jenereta ndi mapepala apulasitiki. Pakani parafini ndi burashi paliponse, pansi ndi pamwamba, palani matope olimba ndi kathabwa, tsukani ndi madzi a sopo, n'kuisiya iume. Petulo musatsukire, tanki ili pamwamba pa giyabokosi pomwepo ndipo Kombi zambiri zinapsa ndi moto woyambira chipinda chimenechi. Ikauma, wazani paudala wa ana m'malo amene mukuwakayikira. Lizani injini kwa mphindi khumi, zimitsani, lowani pansi ndi tochi. Pa paudala woyera oyilo watsopano amajambula kamzere kakuda, ndipo mukakatsatira chokwera kamakufikitsani pa gwero. Ngati sipanaoneke kanthu, yendani makilomita khumi muonenso. Usiku yalani katoni pansi kuti mudziwe mbali imene ikudontha kwambiri.

Onaninso mlingo wa oyilo galimoto itaima pamalo athyathyathya. Oyilo akapyola mzere wapamwamba wa dipstick (kandodo koyezera oyilo), injini imamulavula yokha, ndipo palibe sili imene ingaletse.

Zing'onozing'ono zotheka pakhomo

Yambani ndi zotchinga mavalavu, ziwiri, chimodzi mbali iliyonse. Zimagwidwa ndi waya wokhuthala amene mumaukanula chotsitsa ndi sikuludiraiva yaikulu. Oyilo wochokera pano amagwera pa mabokosi otenthetsa mpweya, n'chifukwa chake fungo la oyilo wopsa limalowa mpaka m'kati mwa galimoto. Palani gasiketi yakale yonse, ikani chotchingacho pagalasi kapena pathebulo losalala muone ngati m'mphepete mwake simunapindike. Gasiketi yatsopano ya koko (cork) muimate pang'ono kumbali ya chotchinga chokha, kumbali ya hedi (mutu wa masilinda) ayi, kuti tsiku lotchuna mavalavu idzatuluke yathunthu. Waya ukamabwerera mopepuka, osalira "tha!", ndiye kuti watopa, upindeni pang'ono kapena mugule wina. Mukatseka, pisani chala kuzungulira m'mphepete, chifukwa gasiketi imakonda kuterereka n'kugwera m'kati osaoneka.

Mbale ya sefa ili ndi manati asanu ndi imodzi a sipanala 10, magasiketi awiri apepala, imodzi pamwamba pa sefa ina pansi, ndi mawashala a kopa. Manati amenewa amafuna 7 Nm yokha (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira nati). Ndi mphamvu ya zala ziwiri pa sipanala yaifupi. Amene amamanga ndi mkono wonse amakoka chitsulo cha mbale kuzungulira mabowo mpaka chitatukuka, ndipo gasiketi singagonenso bwino. Ikani mbaleyo pachitsulo chosalala, menyani mabowo otukukawo ndi hamala yaing'ono kuti abwerere. Mawashala a kopa ndi ogwiritsa kamodzi. Manati akhale otseka kumutu aja, chifukwa oyilo amatsika ndi mazinga a stadi (bawuti yopanda mutu yomangidwa mu buloko) n'kutulukira pa nati yoboola.

Swichi ya nyale ya oyilo ili kumanzere kwa buloko, pansi pa distributor. Ikakalamba imachucha pa pulasitiki yake, ndipo poti pamenepa oyilo ali ndi mphamvu ya pampu, kachinthu kotchipa aka kamatha kunyowetsa mbali yonse ya injini. Mazinga ake ndi opita nakula, ndiye mukangomva kuti yagwira, onjezerani pang'ono n'kusiya. Mukaikakamiza mung'amba buloko, ndipo ntchito ya mphindi zisanu isanduka yotsitsa injini.

Pamwamba pali malo ena atatu ofunika kuwayang'ana: gasiketi ya pansi pa pampu ya petulo, labala wozungulira pa tsinde la distributor, ndi magasiketi a pansi pa mwendo wa jenereta. Kumbuyo kwa pule kuli chotchinga cha pampu ya oyilo cha manati anayi. Magiya a pampu akachidya mpaka kukhala ndi mizere, chipereseni pa sandipepa woyalidwa pagalasi, ndipo muike gasiketi yopyapyala ija. Yokhuthala imagwetsa mphamvu ya oyilo.

Pa zonsezi, silikoni wa m'chubu mumutalikire. Amaoneka ngati wathandiza kunja, koma wofinyikira m'kati amaduka n'kukatseka sefa ndi timisewu ta oyilo. Mankhwala othira mu oyilo oti amaletsa kudontha nawonso sindiwavomereza: amafufumitsa labala kwa kanthawi, kenako labalayo amafewa n'kuphwasuka.

Funsani chimene chikupha masili

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndiye tikhalitsepo.

Choyamba mpweya wa m'buloko. Maringi a pisitoni akatha, utsi wa moto umadutsa m'mbali n'kudzaza buloko, ndipo umafuna potulukira. Potulukira pake poyenera ndi kapaipi kochokera pothirira oyilo kupita ku chosefera mpweya. Kachotseni muuziremo. Kakakhala kotsekeka ndi phala lakuda, kopindika, kapena wina anakatseka ndi bawuti atasintha chosefera mpweya, mwapeza wolakwa. Pansi pa mwendo wa jenereta payeneranso kukhala kambale ka timazenera kamene kamabweza oyilo. Omanga mainjini ena amakaiwala kapena kukatembenuza. Kenako injini itatentha ikulira payokha, tsegulani chivindikiro cha pothirira oyilo muike dzanja pamwamba. Kampweya pang'ono n'kabwinobwino. Koma ikamapuma utsi mwamphamvu, "fu fu fu," yezetsani kompuresheni (mphamvu imene silinda ikufinyira mpweya). Injini yabwino imapereka pakati pa 8 ndi 10 bar pa silinda iliyonse. Ikatsika kufika cha pa 7, kapena silinda imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, ndalama za masili zisungeni muphatikize pa za mapisitoni ndi masilinda atsopano. Mwayi wake pa injini iyi masilinda amavuka imodziimodzi ndipo amagulitsidwa pamodzi ndi mapisitoni ndi maringi.

Chachiwiri kutentha. Injini imeneyi ilibe madzi. Moyo wake uli pa fani, malata oizungulira, ndi oyilo. Lata lililonse lili ndi ntchito. Labala wamkulu wozungulira chipinda cha injini amalekanitsa mpweya wozizira wa pamwamba ndi wotentha wa pansi. Akang'ambika, fani imayamwanso mpweya umene wangochoka pa masilinda. Timalabala ta pa mawaya a mapulagi tikasowa, mphepo imathawira pamenepo isanafike pa hedi. Pisani dzanja kuseri kwa chibokosi cha fani, injini itazima, muone ngati simunalowe chisanza kapena pepala. Lamba akhale wolimba moti mukamudina ndi chala chachikulu pakati amalowa sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mavalavu atchunidwe 0.15 mm injini ili yozizira kotheratu, kupatula Type 4 za kuyambira 1978 zimene zimadzitchuna zokha ndi oyilo. Taimingi yothamanga kwambiri ndi kabyuleta yopereka petulo wochepa nazo zimawotcha mahedi. Njira yachidule yodziwira: mukafika paulendo wautali, gwirani chogwirira cha dipstick. Ngati simungathe kuchigwira masekondi angapo, oyilo akutentha mopyola. Sili imene yachoka pa injini yotere imathyoka ngati bisiketi mukaipinda.

Chachitatu kugwedera kwa crankshaft. Injini itazima, giya ili pa fulii, gwirani pule ndi manja awiri, kankhani n'kukoka. Kusuntha kololedwa ndi 0.07 mpaka 0.13 mm, malire ake 0.15 mm. Kumeneko n'kochepa moti diso silingaone, dzanja limangomva pang'ono. Mukaona pule ikuyenda n'kumamveka "gu gu", sili ya ku flywheel singakhalitse ngakhale mugule yodula bwanji.

Zitatuzi zikakhala bwino, kapena mwakonza zimene zinalakwika, ndiye pitani ku masili akuluakulu.

Kutsitsa injini

Masili a mapaipi a pushrod (tindodo totsegula mavalavu), a oil cooler (choziziritsira oyilo) ndi ya ku flywheel amasinthika bwino injini ili pansi, ndipo ngati mwaitsitsa, sinthani onse kamodzi. Gulani paketi yonse ya magasiketi, koma masili a mapaipi ndi ya flywheel funani a Viton (mtundu wa labala wopirira kutentha) kapena a silikoni wabwino, chifukwa obwera m'mapaketi otchipa sapirira moto.

Chotsani batire, khuthulani oyilo. Lembani mawaya onse ndi selotepi musanawazule. Vulani paipi ya petulo n'kuitseka ndi bawuti ndi kilampu, masulani waya wa akiseleta, mawaya ndi mapaipi a hita. Pa Kombi za chisanafike chaka cha 1972, chitsulo chakumbuyo cha pansi pa chitseko chimamasuka pamodzi ndi bampala, ndiye injini imangotuluka chammbuyo. Pa zatsopanoko iyenera kutsika pansi galimoto itakwezedwa. Injini imagwidwa ku giyabokosi pamalo anayi a sipanala 17, awiri pansi awiri pamwamba, ndipo pa Kombi za kuyambira 1968 palinso chitsulo chopingasa chochirikiza kumbuyo. Ikani jeke wamatayala pansi pa buloko ndi thabwa pakati, chirikizani giyabokosi payokha, kokani injini molunjika mpaka shafiti ya giyabokosi itatuluka mu kilachi, kenako tsitsani. Mukhale awiri. Galimoto ikhale pa masitandi achitsulo; njerwa zimaphwanyika osachenjeza.

Oil cooler

Ili m'kati mwa chibokosi cha fani, kumanzere. Masili ake akatha, oyilo amanyowetsa pamwamba pa buloko ndi masilinda 3 ndi 4, n'kumatsikira m'zipsepse zake, ndipo fumbi likamatirira pamenepo masilindawo amayamba kutentha kwambiri. Vulani kabyuleta, manifodi ndi jenereta, masulani kandodo ka thermostat, nyamulani chibokosi. Pa injini zakale cooler imakhala pa buloko penipeni pa masili awiri. Kuyambira 1971 inasunthidwa kupita m'kachipinda kakekake kutsogolo kwa chibokosi, ndipo imakhala pa kachitsulo kolumikizira, ndiye masili ndi anayi. Samalani kukula kwake: mabuloko akale ali ndi mabowo a 8 mm, a kuyambira cha mu 1970 a 10 mm, ndipo pali masili apadera olumikiza cooler ya mtundu wina ku buloko ya mtundu wina. Sili yolakwika imafinyika n'kutseka njira ya oyilo. Yerekezani zatsopano ndi mabowo enieniwo, osati ndi zakale zimene mwachotsa, poti mwina wakale uja ndiye analakwitsa. Cooler ikakhala yotupa kapena yonyowa pakati pa zipsepse, yang'ambika, sinthani.

Mapaipi a pushrod

Alipo asanu ndi atatu pansi pa masilinda, iliyonse ndi sili kumapeto konse kuwiri, zonse pamodzi 16. Mapaipiwa ali ndi makwinya kumapeto amene amagwira ntchito ngati sipuling'i, kukankhira sili ku hedi ndi ku buloko. Pa Type 4 mwapepukidwa: mumachotsa ma rocker (timikono tokankha mavalavu) ndi kawaya kogwira, paipi imasololoka kudzera mu hedi, mumasintha malabala ozungulira, basi, injini ili m'galimoto momwemo. Pa Type 1 hedi iyenera kuchoka.

Masulani manati awiri a shafiti ya ma rocker. Solani ma pushrod n'kuwabaya pa katoni motsatana kuti aliyense adzabwerere kwawo. Agubuduzeni pagalasi muone ngati pali wopindika. Masulani manati asanu ndi atatu a hedi pang'onopang'ono mosinthanitsa. Pokoka hedi, mnzanu agwire masilinda kuti asanyamuke pa buloko, chifukwa akanyamuka muyenera kuwamatanso patsinde, apo ayi mwatsegula kudontha kwina.

Pano ndi pamene pamachokera kudontha kobwerezabwereza. Paipi yakale inafinyika kale, ndiye mukaibwezera momwemo ndi sili yatsopano siikankha mokwanira. Mapaipi atsopano ndi otchipa, gulani. Mukakakamizika kugwiritsa akale, akhale osachita dzimbiri ndi osaphwanyika, ndipo tambasulani makwinya ake mosamala mpaka mtunda wa pakati pa pokhala masili awiri ufike 190 mpaka 191 mm pa injini za 1300 mpaka 1600. Pukutani mabowo a ku hedi ndi ku buloko mpaka awale. Kachidutswa ka labala wakale kakatsalira, ntchito yonse yapita pachabe. Musanaike mapaipi, onetsetsani kuti timalata ta pansi pa masilinda tili m'malo mwake, chifukwa mapaipi akalowa sitingalowenso, ndipo popanda ito masilinda amapsa pansi. Pakani oyilo pang'ono pa masili, msoko wa paipi uyang'ane kumwamba, ndipo pamene mukukankha hedi muzizunguza paipi iliyonse ndi zala kuti sili ikhale pakati.

Manati a hedi mangani kawiri motsata ndondomeko ya m'buku la injiniyo: koyamba 10 Nm onse, kachiwiri 32 Nm ngati masitadi ndi a 10 mm, kapena 25 Nm ngati ndi a 8 mm. Nati ikamangozungulira osalimba, stadi ikuzuka mu magnesium. Imeneyo ndi nthenda yodziwika ya mabulokowa, ndipo ndi chifukwa china chimene mapaipi amachuchira: hedi ikamasuka, masili onse a mbali imeneyo amamasuka nayo. Mankhwala ake ndi kuika timazinga tachitsulo mu buloko kwa amisiri a makina. Ma rocker amange 25 Nm, n'kutchunanso mavalavu.

Pali mapaipi ena a sipuling'i amene amalowa osachotsa hedi: mumadula yakale, kufinya yatsopano n'kuilowetsa. Paulendo, paipi imodzi ikabooka ndi mwala, amapulumutsa. Koma kuika onse asanu ndi atatu pothawa ntchito, ine sindingakulangizeni, chifukwa pakati pake pali malo enanso odonthera.

Sili ya ku flywheel

Chizindikiro chake ndi oyilo wodontha pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Nunkhizani kaye. Oyilo wa giyabokosi ndi wokhuthala ndipo amanunkha sulufule. Akakhala ameneyo, yatha ndi sili ya shafiti ya giyabokosi, imene ndi bwino kuisintha ndithu poti injini yatsika kale.

Lembani chizindikiro pa pressure plate (mbale yofinya kilachi) ndi flywheel, masulani kilachi. Fumbi lake musaliuzire kapena kulipuma, makilachi akale anali ndi asibesitosi. Kilachi puleti ikanyowa oyilo ndi yotaya. Flywheel ya Type 1 imagwidwa ndi bawuti imodzi yaikulu ya soketi 36, yolimba zedi. Tsekani mano a flywheel ndi chida chake, ndipo mangirirani chitsulo chachitali ku injini kuti isagubuduke. Type 4 ili ndi mabawuti asanu. Lembaninso mmene flywheel yakhalira pa mapini anayi a crankshaft musanaikoke. Mabowo a mapiniwo akakhala otambasuka ngati dzira, flywheel inkagwedera ndipo iyenera kusinthidwa.

Musanakanule sili, yang'anani bwino kuseri kumeneku, chifukwa si sili yokha imene imachucha. Pansi pake pali chitsekero chozungulira cha camshaft, pali timapulagi ta misewu ya oyilo, ndipo kuseri kwa silinda 3 buloko imakonda kung'ambika. Pukutani pamenepo muone ndi tochi ngati palibe kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Kakapezeka, buloko yatha. M'kati mwa khosi la flywheel, pa injini za 12 volts, mulinso labala wozungulira amene amaiwalika kawirikawiri. Akauma, oyilo amadutsa pakati pa crankshaft ndi flywheel, sili ili bwinobwino.

Kanulani sili osakanda buloko. Kuseri kwake mupeza timawashala topyapyala titatu, mashimu, amene amachepetsa kugwedera kwa crankshaft kuja. Gwedezani beringi yaikulu imene ili kuseri kwa mashimu. Ikamasuntha mu buloko, mashimu sangathandize. Buloko iyenera kutsegulidwa n'kupita kwa amisiri kukaiboolanso ndi kuikamo maberingi okulirapo. Ikakhala yolimba, yezani motere. Ikani mashimu awiri okha, popanda sili, bwezerani flywheel n'kuimanga. Ikani geji ya wotchi pankhope ya flywheel, kankhani n'kukoka crankshaft, werengani. Chotserani 0.10 mm pa zimene mwapeza, yotsalayo ndiyo kukhuthala kwa shimu yachitatu. Mwachitsanzo mukapeza 0.42, mufunika ya 0.32. Mashimu amabwera a 0.24, 0.30, 0.32, 0.34, 0.36 ndi 0.38 mm. Akhale atatu nthawi zonse, osati awiri okhuthala. Ikani onse atatu muyezenso musanapitirire. N'zotopetsa kumanga ndi kumasula bawuti ija katatu, koma apa ndi pamene pagona kusiyana kwa sili ya zaka khumi ndi ya miyezi iwiri.

Tsopano khosi la flywheel pamene mlomo wa sili umatsetsereka. Yendetsanipo chikhadabo. Chikakodwa mu kamzere, sili yatsopano idzagwera momwemo n'kuchucha. Pezani flywheel ina kapena muvekepo kachitsulo kopyapyala kokonzera. Ngati ndi timikwingwirima chabe, peresani ndi sandipepa wosalala kwambiri mpaka pawale. Tsukani pokhala sili, ndipo bayani kabowo kobwezera oyilo kamene kali pansi pake kuti katseguke. Pakani gasiketi ya madzi pang'ono kwambiri kunja kwa sili, mbali ya kasipuling'i iyang'ane m'kati mwa injini. Ilowetseni molunjika ndi chida chokokera ndi bawuti yaikulu ija, kapena ndi thabwa losalala ndi hamala, mpaka itafika pansi mofanana kuzungulira konse. Yolowa chopendekeka ichotseni muike ina, n'chifukwa chake ndi bwino kugula ziwiri. Pakani oyilo pa mlomo wake ndi pakhosi la flywheel. Sili youma imapsa pa masekondi oyamba injini ikalira. Ikani labala watsopano m'khosi, girisi pang'ono mu kaberingi ka m'kati mwa bawuti, n'kumanga.

Mabuku akale a Volkswagen amati bawuti imeneyi ifike 294 Nm, ena apambuyo pake amati cha pa 350. Ngati mulibe sipanala yoyezera yofika pamenepo, masamu amathandiza: munthu wolemera makilogalamu 60 ataimirira pa chitsulo chopingasa, theka la mita kuchokera pakati pa bawuti, amapereka pafupifupi 294 Nm. Aimirire modekha, asadumphepo.

Ku pule

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti pa Type 1 kumbuyoku kulibe sili n'komwe. Kuli kambale koponya oyilo m'kati, ndi mazinga ozungulira pakhosi la pule amene amabweza oyilo pamene injini ikuzungulira. Ndiye oyilo akamawazika kuchokera kuseri kwa pule, onaninso mlingo wa oyilo ndi mpweya wa m'buloko, kenako vulani pule muone ngati mazingawo sanadyeke kapena kutsekeka. Mapule ena owala a aluminiyamu ali ndi mazinga osazama, ndipo kubwezera pule yachitsulo yoyambirira kumathetsa nkhani. Pali zida zoikira sili pamenepa, zimene zinapangidwira magalimoto oyenda mumchenga, koma kuika sili pa injini yopuma utsi kumangosamutsira oyilo ku flywheel. Type 4 yokha ndiyo ili ndi sili yeniyeni kuseri kwa fani, ndipo imasinthidwa ngati ina iliyonse.

Kuliza koyamba

Pobwezera injini, sinthani paipi ya petulo ndi kalabala ka pamene imadutsa pa lata, ndipo lata lililonse libwerere ndi masikuluwu ake onse. Thirani malita 2.5 a 20W-50, amene amayenera kumadera otentha. Zulani waya wa koyilo, zunguzani injini ndi sitata mpaka nyale ya oyilo itazima, kenako bwezerani waya n'kuliza. Isiyeni ilire mphindi khumi mukuyang'ana pansi ndi tochi. Utsi wochoka pa ekizozi ndi mabokosi a hita m'masiku oyamba usakuopseni, ndi oyilo wakale akupsa. Mukayenda makilomita mazana angapo, injini itagona usiku wonse, tchunaninso mavalavu ndipo yesani manati a mbale ya sefa, poti magasiketi apepala amaphwa akatenthedwa. Kuchokera apo oyilo asinthidwe makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi kutsuka sefa, ndipo wakaleyo mumusunge m'chigubu chotseka mukapereke ku garaja, osamuthira m'ngalande.